Dokotala wa Mutu ndi Khosi: Ntchito ya Pulofesa Wakisa Mulwafu ndi Zimene Ikutiphunzitsa



Ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 akafunsidwa ntchito imene akuilakalaka, ambiri amayankha kuti udokotala. Koma udokotala uli ndi nthambi zambiri, ndipo zina mwa izo anthu sazidziwa mpaka tsiku limene matenda awagwera pakhomo. M'gawo la sayansi ndi zaumoyo la teremu ino tikamba za nthambi imodzi yotere: dokotala wochita opaleshoni ya makutu, mphuno, mutu ndi khosi, amene m'zipatala amamutchula mwachidule kuti dokotala wa ENT. Tiona ntchitoyi kudzera mwa Pulofesa Wakisa Mulwafu, Mmalawi woyamba kukhala katswiri wa nthambi imeneyi. Iwo amachita opaleshoni, amaphunzitsa pa yunivesite, komanso amachita kafukufuku. Funso lathu ndi ili: munthu mmodzi angathandize bwanji dziko lonse pamene manja ali nawo awiri okha?

Malo ochepa, ntchito zambiri

Gwirani khosi lanu. Malo amenewo ndi ochepa kwambiri, komabe mmenemo mumadutsa njira ya mpweya, njira ya chakudya, mitsempha ikuluikulu yopititsa magazi ku ubongo, ndi mitsempha ya mauthenga yoyendetsa lilime, mapewa ndi mawu. Pamwamba pake pali pakamwa, mphuno ndi makutu. Kupuma, kudya, kulankhula, kumva ndi kununkhiza, zonsezi zimadalira dera laling'onoli. N'chifukwa chake dokotala wa mutu ndi khosi sangodula chotupa n'kutaya. Amayenera kuchotsa matenda, koma n'kusiya munthu akupuma, akumeza ndiponso akulankhula.

Titenge zitsanzo zitatu. Kutsogolo kwa khutu kuli thumba lopanga malovu, lija limatupa mwana akadwala matsagwidi. Pakati penipeni pa thumbali pamadutsa mtsempha woyendetsa nkhope. Dokotala akamachotsa chotupa pamenepo amayamba wafunafuna mtsemphawo, n'kuulondola pang'onopang'ono nthambi ndi nthambi. Ukaduka, mbali imodzi ya nkhope imagwa, diso silitsinzina, ndipo malovu amatayika pakamwa.

Chachiwiri ndi chithokomiro, chija chimatupa kutsogolo kwa khosi, makamaka kwa amayi. Kuseri kwake kumadutsa timitsempha tiwiri toyendetsa kholingo. Kamodzi kakavulala mawu amasasa. Tonse tiwiri tikavulala munthu amabanika. Kuseri komweko kulinso tizigawo tinayi tochepa ngati njere za mpunga, timene timayang'anira kuchuluka kwa kashiamu m'magazi. Tikachotsedwa mwangozi, manja ndi mapazi zimachita dzanzi ndi kukungika. Kale opaleshoni ya chithokomiro inkapha anthu ambiri chifukwa chotaya magazi, mpaka dokotala wa ku Switzerland, Theodor Kocher, adakonza njira yochitira mosamala, ndipo adalandira mphoto ya Nobel mu 1909.

Chachitatu ndi khansa ya kholingo. Ikapezeka msanga, munthu amatha kuchira mawu ake ali bwinobwino. Ikachedwa, kholingo lonse limachotsedwa, monga adachitira koyamba Theodor Billroth ku Vienna mu 1873. Wodwalayo amapuma kudzera pa kabowo kapakhosi moyo wake wonse, ndipo amaphunzira kulankhula mwa njira ina. Kusiyana kwa odwala awiriwa nthawi zambiri si ukatswiri wa dokotala ayi, koma tsiku limene aliyense adafika ku chipatala.

Palinso ntchito zadzidzidzi: mwana amene wakoka njere ya mtedza kapena ya chimanga n'kulowa m'njira ya mpweya, wina wameza ndalama yachitsulo n'kukakamira kum'mero, wina walowetsa nyemba m'mphuno, wina wavulala nsagwada pa ngozi ya kabaza. Onsewa amafuna manja odziwa ndi zipangizo zoyenera.

Dokotala mmodzi, anthu 13 miliyoni

Sukulu yophunzitsa madokotala m'dziko muno, College of Medicine, idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991. Ngakhale idayamba kutulutsa madokotala, kwa zaka zambiri ofuna ukatswiri wa nthambi zina ankayenera kukauphunzira kunja. A Mulwafu adakaphunzira ukatswiri wa ENT ku University of Cape Town, ku South Africa, ndipo adabwerera kumudzi mu 2007 kudzagwira ntchito pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kalembera wa 2008 adapeza kuti Amalawi tidalipo pafupifupi 13 miliyoni. Katswiri wokhazikika wa makutu, mphuno ndi khosi adali mmodzi yekhayo.

Tiyeni tiwerengere monga timachitira m'kalasi la masamu. Tinene kuti dokotala akuona odwala 40 pa tsiku, masiku 5 pa sabata, masabata 50 pa chaka, osadwala, osapita kumaliro. Pa chaka aona anthu 10,000. Kuti aone Amalawi 13 miliyoni kamodzi kokha aliyense, pangafunike zaka 1,300. N'zoona kuti si onse amadwala, koma masamuwa akuonetsa poyera kuti kulimbikira kokha sikukanathetsa vutoli. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Dokotala wotere akangodzitsekera m'chipinda cha opaleshoni, tsiku limene adzapume pa ntchito dziko lidzabwerera pomwe lidali.

Apa ndi pamene pali kusiyana pakati pa dokotala wongochiza ndi dokotala wa pa yunivesite. Wa pa yunivesite amasenza ntchito zitatu nthawi imodzi: kuchiza odwala, kuphunzitsa ena kuti adzachite zimene iye amachita, ndi kufufuza kuti adziwe kukula kwa vuto ndi njira zimene zingagwire ntchito m'dziko lake. Ntchito yoyamba imathandiza amene ali pa mzere lero. Ziwiri zinazo zimathandiza anthu amene dokotalayo sadzawaona ndi maso.

Kuchulukitsa manja

Kuti munthu akhale katswiri wa opaleshoni kuchokera pa Fomu 4 pamatenga zaka zoposa 10. Odwala sakanadikira nthawi yonseyo. Koma m'Malawi muno tili ndi gulu la azachipatala limene lasenza zipatala zathu kwa zaka zambiri, ma clinical officer. Ndi iwowa amene mumawapeza ku Mitundu ndi m'zipatala za m'maboma, akuona odwala komanso kuchita maopaleshoni ena. A Mulwafu ndi anzawo adakonza maphunziro apadera a ENT a azachipatala amenewa, kuti akabwerera m'maboma azitha kuyang'ana m'khutu ndi chipangizo choyenera, kutsuka ndi kuchiza khutu la mafinya, kuchotsa zinthu zolowa m'mphuno ndi m'khutu, kuchita maopaleshoni ang'onoang'ono, ndiponso kuzindikira chotupa choopsa n'kutumiza wodwala msanga ku chipatala chachikulu. Nkhani ya momwe ntchitoyi idayambira adailemba m'magazini ya madokotala yotchedwa Tropical Doctor mu 2014, kuti mayiko ena osauka atengerepo nzeru.

Pa Queen Elizabeth padamangidwa nthambi yakeyake ya ENT, ndipo pambuyo pake padatsegulidwanso kiliniki yoyeza kamvedwe ka makutu ndi kupereka timakina tothandiza kumva. Mogwirizana ndi madokotala ochokera kunja, ntchito idafika poika m'mutu mwa ana ogontha kachipangizo kotchedwa cochlear implant. Kachipangizoka kamalandira phokoso, n'kulisandutsa timauthenga tamagetsi topita ku mtsempha womvera, kulambalala mbali ya khutu imene idawonongeka. Lipoti la odwala anayi oyamba kuikidwa kachipangizoka m'Malawi lidasindikizidwa mu 2017. Lero madokotala achinyamata akuphunzira ukatswiri wa ENT konkuno, pansi pa yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences, imene idayamba ntchito mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Akatswiri akadali ochepa poyerekeza ndi chiwerengero chathu, chimene chidapitirira 17 miliyoni pa kalembera wa 2018, koma salinso mmodzi.

Zimene kafukufuku adavumbula

Kafukufuku si nkhani ya mabotolo a mu labotale okha. Nthawi zambiri amayamba ndi funso losavuta. Funso loyamba lidali lakuti: kodi vuto la makutu ndi lalikulu bwanji kumidzi? Kafukufuku amene a Mulwafu adachita nawo m'boma la Chikwawa, wosindikizidwa mu 2017, adayeza ana a zaka 4 mpaka 6, ndipo adapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 20 aliwonse adali ndi khutu lotuluka mafinya kwa nthawi yaitali. Matendawa amayamba ndi chimfine kapena zilonda zapakhosi. Tizilombo timalowa mkati mwa khutu, mafinya amaboola nembanemba imene imanjenjemera tikamamva mawu, ndipo bowolo silitseka. Mwana amamva pang'ono. M'kalasi la ana 100 amakhala kumbuyo, samva aphunzitsi, amalephera mayeso, ndipo anzake amamutcha mbuli kapena wamwano. Nthawi zina mafinya amafika ku ubongo n'kupha.

Funso lachiwiri lidali lakuti: ndani angawapeze anthu otere kumudzi? Yankho lidali alangizi a zaumoyo, aja timawatcha ma HSA, amene amayenda kale m'midzi ndi katemera ndi sikelo ya ana. M'boma la Thyolo adagawa alangiziwa m'magulu awiri. Gulu limodzi, la anthu 29, lidaphunzitsidwa kwa masiku ochepa za makutu ndi kumva pogwiritsa ntchito mabuku a bungwe la WHO. Gulu lina silidaphunzitsidwe pa nthawiyo, kuti pakhale poyerekezera. Ophunzira a Biology azindikira kuti iyi ndi njira yomwe ija timatsata tikamayesa mbewu ziwiri, ina yothira feteleza, ina yosathira. Ophunzitsidwawo adaonetsa kuti chidziwitso chawo chakwera, ndipo atabwerera m'midzi adapeza anthu oposa 1,700 oganiziridwa kuti ali ndi vuto la makutu. Nkhani yophatikiza chisamaliro cha makutu m'zipatala zing'onozing'ono ndi imene a Mulwafu adalembapo digiri yawo ya PhD ku University of Bergen, ku Norway.

Funso lachitatu lidatulutsa yankho lowawa. Mwa ana 150 a ku Thyolo amene adapatsidwa kalata yowatumiza ku Queen Elizabeth, ana 5 okha ndi amene adafikako. Thyolo si kutali ndi Blantyre. Ofufuza adabwerera kukacheza ndi makolo, osati kukawadzudzula koma kukamva zifukwa. Makolo adatchula mtunda ndi ndalama ya thiransipoti, ndalama ya chakudya pa nthawi yodikira, mantha a chipatala chachikulu chimene sadachionepo, komanso kusamvetsa chimene kalatayo inkatanthauza. Phunziro lake ndi lakuti kumanga nthambi yabwino mumzinda sikukwanira. Pakati pa mudzi ndi chipinda cha opaleshoni pali msewu wautali, ndipo odwala ambiri amathera pa msewu umenewo. Zimene adapezazo zidachititsa kuti akonze timabuku tofotokozera makolo za ulendo wa ku chipatala, ndi kulimbikitsa kuti azachipatala azipita okha kumaboma.

Vutoli si la Malawi yekha. Mu 2017 a Mulwafu adatsogolera lipoti loona ntchito za ENT m'mayiko 22 a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, ndipo lidapeza kuti pakati pa 2009 ndi 2015 zinthu zidasintha pang'ono chabe, chifukwa pamene madokotala ankachuluka, chiwerengero cha anthu nachonso chinkakula mofulumira. Manambala otere ndi amene amatengedwa kupita nawo ku unduna wa zaumoyo ndi ku WHO pokapempha ndalama ndi maphunziro. Popanda owerenga, vuto limakhala ngati kulibe.

Mphunzitsi wa mphunzitsi

Katswiri aliyense ali ndi amene adamuphunzitsa. Ku Cape Town, nthambi imene a Mulwafu adaphunzirako inkatsogoleredwa ndi Pulofesa Johan Fagan, dokotala wa opaleshoni ya mutu ndi khosi pa chipatala cha Groote Schuur. A Fagan adachita zinthu ziwiri zimene zidasintha nthambiyi mu Africa. Choyamba, adayambitsa maphunziro a chaka chimodzi oti madokotala a m'mayiko ena a mu Africa azikaphunzira opaleshoni ya khansa ya mutu ndi khosi, kenaka n'kubwerera kwawo kukaphunzitsa anzawo. Ophunzirawo adachokera ku Uganda, Kenya, Ghana, Nigeria, Senegal, Rwanda, Zimbabwe, Malawi ndi mayiko ena. Atsikana adziwe kuti pakati pawo padali amayi, monga Dr Joyce Aswani a ku Kenya ndi Dr Anna Konney a ku Ghana. Mu 2016 madokotalawa adakhazikitsa bungwe lawo la African Head and Neck Society.

Chachiwiri, a Fagan adaona kuti mabuku a opaleshoni ndi okwera mtengo kwambiri moti dokotala wa m'dziko losauka sangawakwanitse. Choncho adasonkhanitsa akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana kuti alembe buku lofotokoza maopaleshoni a makutu, mphuno, mutu ndi khosi sitepe ndi sitepe, lokhala ndi zithunzi, n'kuliika pa intaneti kwaulere. Dzina lake ndi Open Access Atlas of Otolaryngology, Head and Neck Operative Surgery. Dokotala wa ku Lilongwe, ku Lichinga kapena ku Chipata amatha kulitsegula pa foni usiku, mawa lake n'kukachita opaleshoni akudziwa pamene pali mtsempha woti aupewe. Onani mndandanda wake: mphunzitsi ku Cape Town, katswiri ku Blantyre, clinical officer ku boma, mlangizi wa zaumoyo m'mudzi, mayi amene wamva uthenga n'kutengera mwana ku chipatala. Chingwe chikaduka pena paliponse, wodwala safika.

Mwambo wakale wa Asilamu

Kwa ife Asilamu, kuchiza, kuphunzitsa ndi kulemba si zachilendo. Abu al-Qasim al-Zahrawi, amene adakhala pafupi ndi mzinda wa Cordoba ku Spain kuyambira cha m'ma 936 mpaka 1013, adalemba buku la zachipatala la zigawo 30 lotchedwa Al-Tasrif. Chigawo chomaliza ndi cha opaleshoni, ndipo muli zithunzi za zipangizo pafupifupi 200. Adafotokoza kachotsedwe ka zotupa za kum'mero, za m'mphuno ndi za pakhosi, komanso kachotsedwe ka zinthu zolowa m'khutu. Adalembanso za mtsikana amene adavulala njira ya mpweya ndi mpeni; iye adasoka bala, mtsikanayo adachira, ndipo izi zidasonyeza kuti kuboola njira ya mpweya si imfa. Patapita zaka zoposa 100, Ibn Zuhr wa ku Seville adayesa opaleshoni yoboola pakhosi pa mbuzi, mbuziyo n'kuchira. Lero kuboola pakhosi kuti munthu wobanika apume ndi opaleshoni yopulumutsa miyoyo m'zipatala zathu zikuluzikulu. Gerard wa ku Cremona adamasulira chigawo cha opaleshoni cha al-Zahrawi m'Chilatini m'zaka za m'ma 1100, ndipo madokotala a ku Ulaya adaphunzira m'bukulo kwa zaka mazana angapo.

Al-Zahrawi akadangochiza odwala ake osalemba kanthu, dzina lake ndi luso lake zikadakwiriridwa naye limodzi. Mashehe athu amatiphunzitsa kuti maphunziro opindulitsa anthu ali m'gulu la ntchito zimene malipiro ake sadukiza ngakhale mwini wake atamwalira. Amatiphunzitsanso za fardh kifaya, udindo umene uli pa gulu lonse: ena akaugwira onse apepukidwa, koma pakasowa ougwira, mlandu uli pa onse. Imam al-Ghazali adaika udokotala m'gulu limeneli. Dera limene lilibe wodziwa kuchiza khutu la mwana lili ndi ngongole imene silidabweze.

Zimene tingachite kuno ku Mitundu ndi Nathenje

Kuchokera kuno kukafika ku Blantyre ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 300, koma sikuti aliyense ayenera kuyambira kumeneko. Njira yathu imayambira kwa mlangizi wa zaumoyo, ku chipatala cha Nathenje kapena cha Mitundu, ndipo akaona kuti n'kofunika amatumiza ku Kamuzu Central mumzinda wa Lilongwe. Ku Area 47 kulinso kiliniki yoyeza makutu ya pa African Bible College. Chofunika kwambiri ndi kudziwa nthawi yonyamuka.

Lamulo losavuta kukumbukira ndi la masabata atatu. Mawu akasasa kwa masabata atatu osabwerera, pitani ku chipatala. Izi zikukhudza kwambiri amene amagwira ntchito ndi mawu: aphunzitsi, oitana azana, ma imamu, ophunzira amene akuloweza Qur'an, ndi ogulitsa malonda pa msika. Nthawi zambiri kumakhala kutopa kwa kholingo chabe, koma amene angatsimikize ndi woyang'ana mkati. Chimodzimodzinso chilonda cha pa lilime kapena m'kamwa chimene sichikupola, chotupa cha pakhosi chimene sichikuphwa, ndi mphuno imodzi yotsekeka imene ikutuluka magazi. Chotupa chosapweteka si chotupa chabwino. Khansa zambiri zimayamba mosapweteka. Chotupa cha pakhosi chingakhalenso TB ya m'anabere, imene imachizika ndi mankhwala aulere. Kuti adziwe chenicheni, azachipatala amatenga kanyama kapena timadzi pang'ono pa chotupacho n'kukapima. Kupima kumeneku sikufalitsa khansa monga ena amanenera. Kumathandiza kusankha mankhwala oyenera. Kuvutika kumeza nsima mpaka munthu kuyamba kudalira phala lokha n'chizindikiro choti asachedwe nacho, poti dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri.

Kwa ana, nsagwada kapena tsaya lotupa mofulumira m'masabata ochepa lingakhale khansa yotchedwa Burkitt lymphoma, imene Denis Burkitt adaifotokoza ku Uganda mu 1958. Imapezeka kwambiri m'madera a malungo ngati athu ano. Imakula msanga, koma imamvanso mankhwala msanga, ndipo ana ambiri ofika nthawi yabwino amachira popanda opaleshoni yaikulu. Mwana akameza kabatire kozungulira ka mu wotchi kapena ka mu tochi, kapena akayamba kutsokomola ndi kubanika mwadzidzidzi pamene amadya mtedza, thamangani naye nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Khutu la mafinya lisathiridwe mafuta, madzi a masamba kapena mankhwala ogula pa msika. Musalitokose ndi nthenga ya nkhuku kapena kamtengo ka machesi. Pukutani mafinya otuluka ndi kansalu koyera kapena thonje, ndipo kalandireni mankhwala odonthezera ku chipatala. Khutu lotere lisalowe madzi. Pochita wudhu makutu timangowapaka ndi zala zonyowa, sitithiramo madzi, choncho palibe vuto. Posamba thupi lonse, tsekani khutu lodwalalo ndi thonje lopaka Vaseline. Aphunzitsi a kusukulu ndi a ku madrasa, mwana amene amatembenuza mutu kuti amvere khutu limodzi, kapena amene sayankha mukamuitana ali chofulatira, muikeni kutsogolo ndipo uzani makolo ake akamuyezetse.

Kupewa kuli m'manja mwathu. Bungwe la WHO lidanena mu 2021 kuti anthu oposa 430 miliyoni pa dziko lonse ali ndi vuto la kumva lofuna thandizo, ndiponso kuti mwa ana, pafupifupi 60 pa 100 alionse a mavutowa ndi opeweka. Katemera wa chikuku ndi wa matenda oumitsa khosi amateteza makutu. Kugona m'neti ndi kuchiza malungo msanga kumatetezanso. Mchere wokhala ndi ayodini umapewetsa kutupa kwa chithokomiro. Katemera wa HPV, amene boma lidayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 mu 2019 pofuna kupewa khansa ya khomo la chiberekero, amalimbana ndi kachilombo kamene kamayambitsanso khansa zina za kukhosi. Achinyamata amene mumakonda kutsekera nyimbo m'makutu tsiku lonse, tsitsani voliyumu: timaselo tomvera ta mkati mwa khutu tikafa sitimeranso.

Tinene poyera za fodya. Dera lathu ndi la alimi a fodya, ndipo ambiri mwa ophunzira athu fizi yawo imachokera ku okushoni. Koma kulima ndi kwina, kusuta ndi kwina. Fodya ndi mowa ndiwo magwero aakulu a khansa ya m'kamwa, ya kukhosi ndi ya kholingo, ndipo zikaphatikizana ngozi imachuluka kuposa chilichonse pachokha. Mowa Chisilamu chidatiletsa kale. Fodya ndiye amalowa ngakhale m'nyumba za Asilamu: ndudu, chingambwe, ngakhalenso fodya wopera amene agogo ena amaika kuseri kwa mlomo. Wotafuna ndi wofwenkha nayenso amawononga. Amene sadayambe asayambe, ndipo amene adayamba adziwe kuti kusiya, pa msinkhu uliwonse, kumachepetsa ngozi.

Pomaliza pa gawo ili, tikumbuke ana 145 a ku Thyolo amene sadafike ku chipatala. Chimene chidawalepheretsa chingalepheretsenso mwana wa m'mudzi mwathu. Pano pali ntchito ya makomiti a mizikiti ndi magulu a amayi: sadaka yolipirira minibasi ya mayi ndi mwana kupita ku Kamuzu Central, kapena munthu wodziwa tawuni woti awaperekeze, ingakhale kusiyana kwa kumva ndi kugontha.

Kwa wophunzira amene mtima wake wakopeka

Njira ilipo, ndipo imayambira pa desiki yanu. Limbikirani Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi, chifukwa mpikisano wolowera maphunziro a udokotala ku Kamuzu University of Health Sciences ndi waukulu ndipo umafuna mapointi abwino kwambiri pa MSCE. Mukamaliza digiri mumagwira ntchito moyang'aniridwa m'chipatala chachikulu, kenaka n'kuwonjezera zaka zina za ukatswiri. Ndi ulendo wautali, wofuna kudekha. Koma monga taonera, khomo si limodzi. Malawi College of Health Sciences, imene ili ndi nthambi ku Lilongwe konkuno, imaphunzitsa ma clinical officer. Pakufunika anamwino a m'chipinda cha opaleshoni, ogonetsa odwala, oyeza makutu, ophunzitsa kulankhula anthu amene achitidwa opaleshoni, opima kanyama mu labotale, ndi odziwa masamu a kafukufuku. Atsikana, amayi ambiri a m'midzi yathu amamasuka kuonetsa chotupa kwa mayi mnzawo kusiyana ndi kwa bambo, choncho malo anu m'ntchito imeneyi ndi aakulu.

Simuyenera kudikira digiri kuti muyambe. Dziko lonse limakumbukira tsiku la makutu ndi kumva pa 3 Malichi, ndi tsiku la khansa ya mutu ndi khosi pa 27 Julaye. Kalabu ya sayansi ingathe kuitana mlangizi wa zaumoyo kudzalankhula pa asembule pa masiku amenewa. Ndipo aliyense wa inu akapita ku holide, afotokozere a kunyumba lamulo la masabata atatu, ayang'anenso ngati pali mng'ono wake amene khutu likutuluka mafinya. Mukatero mwalowa kale m'chingwe chija chochokera ku yunivesite kufika kumudzi.

Allah atipatse maphunziro opindulitsa, achize odwala athu, ndipo adalitse manja a onse amene amawasamalira. Ameen.